Ivor Chedzoy, Wosesa pa Chitunda cha Ndege

Ku Ashney, kamudzi ka m'madambo a ku Somerset, mlendo akafunsa za Ivor Chedzoy ankauzidwa kuti poyankhula naye aziima kumanzere kwake, chifukwa khutu lakumanja linafa kalekale. Ankauzidwanso kuti asamufunse ngati ntchito ya pabwalo la ndege ndi yosangalatsa, pakuti funso limenelo Ivor ankaliyankha ndi kuyasamula basi.

Bambo ake anali odula timitengo tolukira madengu. Timitengoto ankadula m'nyengo yozizira, madzi ali m'mawondo, zala zitauma gwa. Ivor anaigwira ntchitoyo mpaka ndevu zitayamba kumera, kenaka tsiku lina anakwera basi ya ku Taunton kukalembetsa usilikali wa panyanja. Amayi ake anamuseka kuti wathawa madzi a m'ngalande n'kukadziponya m'nyanja. Iye anati bola kumeneko munthu amaima pouma. Sankadziwa chomwe ankanena.

Anamuika pa sitima yaikulu yonyamula ndege zankhondo, m'gulu la anthu okankha ndege, kuzimanga ndi matcheni ndi kuzimasula. Masiku amenewo ndege inkanyamuka pa sitima mochita kuponyedwa ndi legeni ya nthunzi, chimakina chomwe chikagunda, tiyi ankatayika m'makapu a anthu okhala m'zipinda za pansi. Ivor anatha zaka pamenepo, mphepo yamchere ikumuwomba kumaso, fungo la mafuta a ndege litakakamira mpaka m'buledi. M'kati mwa zaka zimenezo anakwatira Bernice, mtsikana wa ku Yeovil wosoka magolovesi, wamfupi, wosasowa choyankha. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Yvonne, anabadwa bambo ake ali kunyanja, ndipo anayamba kuyenda bambo ake alinso kunyanja.

Kenaka sitima zikuluzikulu zija zinakalamba n'kupita kwa ophwanya zitsulo. M'malo mwake munabwera zing'onozing'ono zopanda legeni. Kutsogolo kwa iliyonse kunali chitunda chachitsulo, bwalo lothamangapo ndege likuchita kupindikira kumwamba n'kuthera m'malere. Tsiku loyamba kuchiona, mnzake wa Ivor, Emrys Pugh wa ku Wales, munthu wolongolola ngati wailesi, anafunsa ngati akuluakulu aganiza zomangira ana malo odumphira panjinga. Anthu anaseka, koma chinthucho chinagwira ntchito. Ndege zatsopanozo zinali ndi timipope totulutsa mphepo ya injini, tomwe woyendetsa ankatha kutitembenuza kuti tiloze kumbuyo kapena pansi. Ndege inkathamanga kamtunda kochepa, n'kukwera chitundacho, chitunda n'kuiponya m'mwamba isanakhale ndi liwiro lokwanira. Kwa kanthawi inkalendewera pamwamba pa madzi ngati ikuganiza kaye, mpaka mapiko atagwira mphepo. Kanthawi kameneko Ivor sanakazolowere. Ndege iliyonse ikafika pamlomo pa chitunda ankapezeka wasiya kupuma, ndipo madzulo chifuwa chinkamuwawa ngati wanyamula ndiye.

Mu 1982 sitima yawo inapita kunkhondo ya ku zilumba za kum'mwera kwa nyanja ya Atlantic. Za kumeneko Ivor sankakonda kukamba. Akakakamizidwa ankangonena za kuzizira, za nkhungu, ndi za kugona chovalire m'tinjira ta m'sitima, nsapato zili kuphazi. Kamodzi kokha anauza Bernice za woyendetsa ndege wina wokonda kumufunsa za mpira wa kiriketi, yemwe m'mawa wina anakwera chitunda n'kulowa m'nkhungu, osabweranso. Ivor ndi amene anatumidwa kukatola matcheni pamalo pomwe ndegeyo inkaima n'kukawasunga. Anabwerera kwawo khutu limodzi litafa, linalo likulira ngati muli nkhululu.

Atatuluka usilikali anapeza ntchito pabwalo la ndege za asilikali a panyanja, pafupi ndi kwawo, ndipo Emrys anamutsatira chifukwa, mwa kunena kwake, ku Wales kunalibe munthu wodekha woti n'kumamumvera. Pabwaloli anamangapo chitunda china chachitsulo kumapeto kwa kamsewu kafupi, kuti oyendetsa ndege atsopano aziphunzirira pamtunda asanapite kunyanja. Kusamalira chitundacho ndiyo inakhala ntchito ya awiriwa. M'mawa uliwonse ankayenda chowerama kufunafuna timiyala, misomali, chilichonse, pakuti kamwala ngati nyemba kakalowa mu injini kakhoza kugwetsa ndege. Ankasesa, ankapaka penti wokhakhala kuti mateyala asatereke, ankathira girisi pa majeke okweza ndi kutsitsa chitundacho. Akatero ankazungulira ndi kagalimoto kuombera makombola othamangitsira mbalame. Mbalamezo zinkauluka, kuzungulira, n'kukatera pomwe zachoka paja.

Kuseri kwa mpanda wa waya, komwe mlomo wa chitunda unkaloza, kunali munda wa Mayi Vowles, mayi wamasiye woweta ng'ombe za mkaka. Ndege iliyonse inkadutsa pamwamba pa ng'ombe zawo. Mayiwa anadandaula kwa akuluakulu a pabwalo mpaka kutopa, kenaka anaona kuti n'kwapafupi kumakalipira Ivor, poti ndiye ankapezeka pampanda. Ankabwera atavala majombo ndi chijasi cha malemu amuna awo, n'kumuuza kuti ng'ombe yakuti yataya mwana, yakuti yasiya mkaka, galasi la pawindo lang'aluka. Ivor ankangovomera, atatsamira tsache. Akamaliza kukalipa ankamupatsira pawaya kabotolo ka mowa wa maapozi kapena chidutswa cha tchizi, n'kunena kuti akapatse mkazi wake, osati iyeyo. Zaka zinapita chomwecho. Oyendetsa ndege ankabwera ali anyamata, kukwera chitunda, kupita, kubwera ena. Ivor tsitsi linayera, mawondo anayamba kulira akamawerama.

Atapitirira zaka makumi asanu, Bernice anagwa m'khitchini akusenda mbatata. Madokotala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, ndipo mawu anathawa. Oyamba kubwerera anali otukwana, zomwe zinamuseketsa Ivor mpaka misozi, koma ena onse ankabwera mmodzimmodzi, mokokedwa. Mayi amene ankatha kuyankha anthu atatu nthawi imodzi tsopano ankalimbana ndi liwu loti supuni.

Ivor anamutengera kunyumba, bedi n'kulitsitsira m'chipinda chochezera. Kusanache ankamusambitsa, kumuveka, kumunyamula kumuika pachikuku, kumudyetsa phala, kenaka n'kupalasa njinga kupita kubwalo. Masana kunkabwera mayi wina wothandiza odwala, koma ankakhala kanthawi kochepa poti anali ndi makomo ambiri. Madzulo Ivor ankaphika, kuchapa nsalu za pabedi, kumutembenuza mkazi wake kuti asatuluke zilonda. Tulo ankatipeza todukizadukiza. Sanadandaulepo kwa munthu, ndipo Bernice akamuyang'anitsitsa ankamuuza kuti asiye kumuona ngati ng'ombe ya Mayi Vowles.

Yvonne, yemwe anali atakwatiwa ku Leeds, ankaimba foni Lamulungu lililonse. Ankanena zomwezomwezo, kuti ku Langport kuli nyumba yabwino yosamalira odwala ndi okalamba, kuti mutu umodzi susenza denga, kuti tsiku lina adzagwa onse awiri m'bafa popanda wowadzutsa. Mwana akayamba nkhani imeneyo, Ivor ankasamutsira foni kukhutu lakufa lija n'kumangoti eya, eya, mpaka atamva kuti mbali inayo kwakhala chete.

Kuntchito Emrys ndiye ankaona. Ankamupeza mnzake akusinza m'kagalimoto, chiwongolero chili pachifuwa, buledi wa nkhomaliro ali m'manja wosaluma. Ankamusiya, n'kukasesa yekha mbali zonse ziwiri. Tsiku lina analephera kupirira.

"Aise, ukudziona koma? Nkhope ngati chikwama chakale. Ukufuna ufe iwe, mlamu atsale ndi ndani?"

"Ndife bwanji, nthawi yake ndiitenga kuti?" anatero Ivor, n'kutenga tsache.

Chaka chachitatu cha matendawo, mwezi wa Febuluwale unabwera ndi mvula yosakata. Madambo onse anasanduka nyanja, mipanda ikungooneka mitu, ndipo mbalame za kunyanja zinadzaza m'munda mwa Mayi Vowles. M'mawa wa tsikulo awiriwa anazithamangitsa kawiri. Masana Emrys anapita ndi kagalimoto mbali ina ya bwalo komwe kunateranso gulu lina, Ivor n'kutsala wapansi pafupi ndi mpanda, akutsegula ngalande yotsekeka ndi zinyalala.

Anaimva ndege ikubwera kudzera m'mapazi, monga mwa masiku onse. Anaweramuka. Ndegeyo inakwera chitunda bwinobwino, n'kuponyedwa m'mwamba, ndipo pa kanthawi kaja kolendewera, mbalame zinadzuka m'madzi zonse pamodzi. Kunamveka kuphulika kosamveka bwino, ngati munthu wamenya chitseko ndi phewa. Injini, itameza mbalame, inatsokomola, mphuno ya ndege inayamba kugwa. Kenaka denga lagalasi la pamwamba pa woyendetsa linasweka, mpando wa woyendetsa unafwamphuka ndi moto kunsi kwake, ndipo ndege yopanda munthu inapitirira n'kukagwa kumapeto kwa munda, madzi ndi matope kuthovoka kutalika kuposa mitengo. Palachuti inangotseguka pang'ono. Munthuyo anagwera m'ngalande yaikulu yodutsa pakati pa mundawo.

Magalimoto ozimitsa moto anathamangira kuchipata cha kumunda, koma yoyamba inatitimira m'matope pakhomo penipeni n'kutsekera anzake. Ivor ndiye anali pafupi. Sanaganize kanthu. Anakwawa pansi pa waya, pamalo pomwe ankalandirira tchizi paja, n'kulowa m'madzi. Sanathamange chifukwa mawondo sakanalola. Ankangoponda, madzi m'mawondo, kenaka m'chiuno, akutsata nsalu ya palachuti yomwe inkayandama.

Anamupeza woyendetsayo ali chagada m'ngalande, madzi akumukoka ndi zingwe za palachuti, nkhope ikumira n'kutuluka. Ivor anatsetserekera m'ngalandemo mpaka madzi m'chifuwa, n'kumasula chomangira zingwe, palachuti n'kupita ndi madzi. Anafuna kumukokera kumtunda, koma munthuyo anakuwa kuti msana, msana. Gombe linali loterera, loima chilili. Panalibe china chochita koma kuponda mwamphamvu m'matope, kutsamira gombelo, n'kuika mutu wa munthuyo paphewa pake kuti mphuno ikhale kunja.

Anakhala choncho. Poyamba kuzizira kunkaluma ngati mano, kenaka kunasiya kuluma. Ivor anaona kuti kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu panalibe china chomudikira, panalibe poto pamoto kapena nsalu zoti ayanike. Ntchito inali imodzi, kuima. Thupi linayamba kumva kukoma, maso n'kumalemera.

"Bambo, dzina lanu ndani?" anafunsa woyendetsa ndegeyo, mano akugundana.

"Chedzoy, bwana."

"Ine ndine Harcombe. A Chedzoy, maso anu akutsekeka. Wagwa ndi ndege ndine, koma wooneka ngati maliro ndinu."

"Sindinagone bwino chiyambire tsiku lija mkazi wanga anadwala, bwana."

"Ndiye mwasankha lero? Pepani, mugona mawa. Tandiuzani za mayiwo."

Ivor anayamba kufotokoza, mawu akutuluka olemera. Ananena za magolovesi, za mbatata yomwe inagubuduzika pansi pa kabati tsiku lija n'kumera momwemo, za mmene amamunyamulira pomuika m'bafa. Zinthu zomwe sanauzepo Emrys kapena Yvonne anaziuza mlendo yemwe nkhope yake sankaiona n'komwe, poti inali pansi pa chibwano chake. Akangoti chete, Lefutenanti Harcombe ankamugunda ndi chisoti pansagwada n'kufunsa funso lina.

Woyamba kufika sanali wa pabwalo. Anali Mayi Vowles pathirakitala yawo yakale, madzi akugawikana kutsogolo. Anatsika ndi chingwe chomangira ng'ombe, n'kugwada pagombe, n'kumukoloweka Ivor m'khwapa, mbali ina n'kumangirira kuthirakitala kuti asatererenso. Pomanga ankalankhula okha kuti ananena iwo kalekale kuti tsiku lina adzawagwetsera chitsulo m'munda, koma ndani amamva za nkhalamba. Kenaka anavula chijasi cha malemu amuna awo n'kuwafunditsa awiriwo kumitu. Helikoputa itafika, anthu ake anamukweza Harcombe pamachira olimba. Zala za Ivor anachita kuzimasula chimodzichimodzi, chifukwa zinali zitaumira pa malaya a munthuyo.

Madzulo ake anakana kupita kuchipatala, nati kunyumba kuli wodwala. Anaphika, anamudyetsa Bernice, anachapa. Patapita masiku awiri mayi wothandiza uja anamupeza atakhala pansi m'khitchini, thupi likutentha, akupuma mobanika. Chinali chibayo.

M'chipatala Ivor anagona tulo tofa nato. Ankadzuka, kumwa mankhwala, kuona denga loyera, n'kugonanso. Pambuyo pake ankachita manyazi kukumbukira mmene tulo timeneto tinkakomera, ndi kuti masiku oyambawo sanafunse n'komwe kuti mkazi wake ali ndi yani. Atafunsa, Yvonne, yemwe anali atabwera kuchokera ku Leeds, anamuuza kuti amayi ali ku Langport kunyumba ija, mongoyembekezera kuti adadi achire. Ivor analibe mphamvu zokangana. Anangoti akangotuluka akamutenga.

Anatulukadi mwezi wa Malichi uli pakati, thalauza likumugwa m'chiuno. Tsiku lotsatira anakolopa m'nyumba, kuyala bedi, n'kukwera basi ya ku Langport. Anamupeza Bernice m'chipinda chachikulu chochezera, pafupi ndi windo, tsitsi atamupesa bwino n'kulipinda, atakhala ndi amayi ena awiri. Mmodzi anali mnzake wakale wa kumagolovesi. Ankaseka nkhani ina yake, Bernice akuseka ndi theka la pakamwa, ndipo Ivor anaima pakhomo kanthawi, chifukwa kuseka kumeneko anali atakuiwala.

Anamukankhira kuchipinda chake n'kuyamba kutulutsa zovala m'kabati. Anamuuza kuti galimoto ya Emrys ibwera madzulo, kuti kunyumba kwatenthetsedwa kale.

"Ayi," anatero Bernice. Liwu limenelo linkatuluka bwino nthawi zonse.

"Ayi chiyani?"

"Sindipita."

Ivor anaima ndi juzi m'manja. Anaganiza kuti mwina sanamve bwino, n'kutembenuzira khutu lamoyo kwa mkazi wake. Bernice anavutika ndi mawu, dzanja lamoyo likumenya chikuku.

"Kuno... amandinyamula awiri. Sabuula."

"Ine ndinabuulapo? Ndinadandaulapo liti, Bernice?"

"Nkhope yako." Anapuma. "Ndatopa... kuiona ikutha. Ndatopa, mkulu iwe."

Ivor anabweza juzi m'kabati, koma sanaipinde. Anatuluka osatsanzika. Pamalo odikirira basi anakhala pabenchi mpaka basi inabwera n'kupita iye akuiona. Mumtima munali mkwiyo womwe sankadziwa kuti aupereke kwa yani. Zaka zitatu ananyamula munthu, msana kuwawa, maso kufiira, lero n'kumuuza kuti alendo amanyamula bwino. Anakwera basi yotsatira. Kunyumba anapeza bedi loyala m'chipinda chochezera, ndipo anakhala pampando moyang'anizana nalo, jekete osavula.

Anatha mlungu osapita ku Langport. Emrys ndiye anabwera, n'kumupeza akudya nyemba za m'chitini zosatenthetsa. Anamulalatira mwa chizolowezi chake, kuti mkazi wamuchitira chifundo iye n'kumafufuma ngati mwana wolandidwa mpira, kuti kunyada kwa anthu a ku Somerset n'kwachabechabe, kuti mlamu amafunsa tsiku ndi tsiku ngati basi yasiya kuyenda. M'mawa mwake Ivor anameta ndevu, n'kugula mabisiketi a ginja omwe Bernice ankawakonda. Atafika, mkazi wake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutulutsa limodzi la mawu otukwana aja, momveka bwino kwambiri mpaka namwino wodutsa anatembenuka. Za kubwerera kunyumba sanazikambenso.

Akuluakulu a pabwalo anamuitana Ivor n'kumuthokoza pamaso pa anthu, tayi ikumufinya pakhosi. Mayi Vowles anaitanidwanso, koma anati ali ndi ng'ombe zoti akame. M'chilimwe Harcombe anabwera kunyumba kwa Ivor akuyenda ndi ndodo, atanyamula botolo la kachasu wa ku Scotland. Anali munthu wamtali, wamanyazi, ndipo Ivor sakanamuzindikira pamsewu. Madokotala anali atamuuza kuti msana wake sudzalolanso ndege zankhondo, tsopano azigwira ntchito ya mu ofesi. Anakhala m'khitchini, tiyi akuzizira, nkhani zikusowa. Zomwe anakambirana m'ngalande muja palibe anazitchula. Potsanzika mlendoyo anafunsa za mayi, Ivor nati ali bwino, ali ku Langport, amawasamala. Harcombe anati zakhala bwino. Ivor anati eya, anthu onse akutero.

Anabwerera kuntchito, koma chifuwa sichinabwererenso mwakale. Kukwera chitunda ndi tsache kunkamutengera kupuma kawiri panjira. Tsopano ankagona usiku wonse, komabe ankadzuka ali wotopa, kutopa kwina kosachoka ndi tulo. Akaweruka ankakwera basi kukakhala ndi Bernice mpaka nthawi ya chakudya chamadzulo, kumudulira nyama, kumuuza zomwe Emrys wabwebweta tsikulo. Nthawi zina ankangoonera limodzi mpikisano wa mafunso pa kanema, Bernice akudziwa mayankho koma mawu akumuchedwera.

Sipanapite zaka zambiri, kunamveka kuti ndege zija zikupuma ntchito. Ophunzira anasiya kubwera, chitunda chinayamba kukhala masiku osapondedwa, udzu n'kumera m'ming'alu ya kamsewu kaja. Emrys anakwiya ngati amulanda nyumba, n'kumalalatira aliyense za anthu a ku London osadziwa nyanja. Ivor atafunsidwa ngati akufuna kusamukira mbali ina ya bwalo kapena kupuma, anasankha kupuma ofunsawo asanamalize n'komwe kufunsa.

Tsiku lotsanzikana ndi ndegezo kubwalo kunali mwambo, ndi gulu loimba malipenga ndi akuluakulu ovala zoyera. Emrys anamusungira mpando, koma Ivor anakwera basi yake ya masiku onse. Ku Langport anamwino anali atamva kuti ndege zidutsa pamwamba pa tauni ulendo womaliza, ndipo ankatulutsira okalamba pakapinga, atawafunditsa mabulangete. Mmodzi anasuzumira m'chipinda cha Bernice n'kufunsa ngati Bambo Chedzoy, poti ndiwo eni ake ndegezo, sakufuna malo akutsogolo.

Ivor anali atakhala pakampando kafupi, thaulo lili pamwendo, akuwenga zikhadabo za dzanja lakufa la mkazi wake. Dzanjalo linkafumbata lokha, ndipo pankafunika kutambasula chala chimodzi, kuchigwira, kuwenga, n'kuchisiya chibwerere.

"Pita," anatero Bernice. "Kaone."

"Ndaziona zokwana. Bweretsa chala."

Namwino anapita. Patapita kanthawi mawindo anayamba kunjenjemera, madzi a m'kapu ya patebulo n'kuchita timafunde, ndipo panja panamveka nkhalamba zikuwomba m'manja. Ivor anaima kaye ndi chowengera m'manja mpaka phokoso litapitirira kuloza kunyanja. Kenaka anamaliza chala chaching'ono, n'kukutumulira thaulo m'bini, n'kufunsa ngati ayambe dzanja linalo lero kapena mawa. Bernice anati mawa. Ivor anamukonzera pilo, n'kuvala jekete pang'onopang'ono, dzanja limodzi kenaka linalo, ndipo anatsika kukadikira basi mvula itayamba kuwaza.